Tinyama ta phula ta a Ngozo

Lamulungu lapitali tinapita kumanda kukalambula pamtumbira wa alamu anga, a Simoni Ngozo. Chatha chaka chimwalirireni. Tinalipo ochepa, pakuti ino ndi nyengo yokolola ndipo maganizo a anthu ali kunkhokwe. Pobwerera mayi wina anandifunsa ngati tizikombole tawo topangira tinyama ta phula tilipobe. Ndinati tilipo. Sanafunsenso china. Koma ine ndinafika kunyumba mawu atandidzaza pakhosi, ndipo poti wondimvetsera m'nyumba muno anatsogola kale, ndati ndiwalembe.

A Ngozo anali mlongo wa malemu mkazi wanga, wamkulu kwa tonsefe ndi zaka zambiri. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda motsimphina chifukwa ngolo ya njerwa inawaponda phazi ali mnyamata. Mawu awo anali aakulu kuposa thupi. Akapereka moni ali tsidya lina la dimba, agalu a mudzi winawo ankayankha. Ine kusayankhula kwanga kunkawasowetsa mtendere. "Alamu, tanenani kanthu, pakamwa pangamere ndere," ankatero tikakhala awiri. Mkazi wanga atamwalira, ena anayamba kunong'ona kuti mkamwini abwerere kwawo ku Linthipe. A Ngozo anangoti mapichesi amene ndinabzala kuseri kwa nyumba sanayambe kubereka, ndipo sindingachoke ndisanalawe. Atabereka, anati ngowawasa, tidikire a chaka chamawa. Ndikadali pano.

Ntchito anagwira zambiri. Ali mnyamata ankatema nkhuni ndi kutunga madzi kunyumba ya mzungu wina ku boma la Dedza. Kenaka anaumba njerwa ku Bembeke zaka zosawerengeka. Atakalamba anali ndi ming'oma ya njuchi m'phiri la kumtunda kwathu, ndiponso ndiwo ankasesa m'katchalitchi kathu, kumenya chitsulo choitanira anthu ku mapemphero, ndi kupala phula lodontha pa zoikapo makandulo. Alendo akamva kuti mkulu wotereyu anakhala chaka ndi miyezi osalandira Ukaristia, amaganiza za mitala kapena za mowa. Sizinali zimenezo. Zinali tinyama ta phula timene ankapangira ana.

Chiyambi chake ankachifotokoza okha, ngakhale kwa munthu amene wachimva kakhumi. Kwa mzungu kuja tsiku lina kunadzaza ana, chifukwa mwana wa m'nyumbamo ankakumbukira tsiku lake lobadwa. A Ngozo ankasuzumira ali ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Zakudya sanazisirire. Chimene chinawagwira mtima n'chakuti pobalalika mwana aliyense wobwera anapatsidwa kaphukusi, ndipo m'katimo munali timitengo tolembera ta mitundumitundu, timene ana asukulu akuti chekeni. Tsiku linali la mmodzi, koma onse anapita kwawo atafumbata kanthu. Ankati mwa zonse zimene anaona panyumba ija, chanzeru chinali chokhacho.

Kapangidwe kake ndinakaona kambirimbiri. Akafula uchi, zisa ankaziwiritsa m'chitini n'kusefa phula pa kansalu ka thumba la mchere. Ankathirako mafuta a mbuzi pang'ono kuti chinthucho chizilemba mofewa. Akachulutsa, chinkanunkha ndipo makoswe ankachimaliza. Mitundu ankasinja pa kamphero kawo kamene sankalola munthu kukakhudza. Chofiira chinkachokera ku katondo wa pachulu, chakuda ku mwaye wa kudenga, ndipo chachikasu ku muzu umene ankakumba okha m'mbali mwa mtsinje. Tizikombole ankaumba ndi dongo, mbali ziwiri zophatikiza, n'kuwotcha monga achitira njerwa. Munthu anaumba njerwa zofanana moyo wake wonse, koma m'tizikombole timeneti munkatuluka nkhunda, nsomba, fulu, ng'ombe ya linunda, ndi chimanga cha njere zake zonse. Mbuzi yokha inawakanika. Ana ankaitcha galu.

"Galu wa kwanu ali ndi nyanga? Ngati sukuifuna bweretsa kuno!"

Palibe anabweza.

Kuno masiku obadwa sitinkawasunga, choncho iwo anatenga tsiku la ubatizo. Masiku a ana onse a m'mudzi anali m'mutu mwawo. Ana a anthu osapemphera sankawasiya. Ankafunsa mayi kuti mwanayo anabadwa chimanga chili pati, n'kumusankhira tsiku okha. Tsikulo likafika ana ankasonkhana pakhonde pawo n'kuwotcha mbatata ya kachewere. Mwini tsiku ankapatsidwa lichero la tinyama kuti agawire anzake, ndipo iye ankatsala ndi kotsiriza. Akalira sankamunyengerera. Ankati ngati sagawa pa tsiku lake ndiye adzagawa liti.

Panalinso masiku anayi pachaka amene ankaitana ana popanda mwini tsiku. Lichero ankagawa okha, osaseka, ndipo anawo ankabalalika msanga. Mkazi wanga ndiye anandiuza kuti iwo ndi akazi awo, amene ine sindinawapeze, anaika ana anayi, ndipo palibe anafika poyenda. Sindinawafunsepo, iwonso sanatchulepo.

Amayi a m'mudzi sanali onse okondwa nawo. Mapepala kuno ndi osowa. Ana akatha kulemba pa timapepala tokulungira sopo kusitolo, ankalemba pa zipanda, pa miyala, ndi pamakoma. Tsiku lina a Nambewe, oyandikana nawo nyumba, anawakokera kukhoma lawo atagwira m'chiuno.

"A Ngozo, taonani ntchito ya ana anu! Dzulo lomweli ndazira khoma limeneli, msana ukundipweteka mpaka pano!"

Iwo anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Wajambula ng'ombeyi ndani? Ili ndi miyendo isanu."

"Ine ndikunena za khoma!"

"Khoma lili bwino, mayi, mwazira mwaluso. Yalakwika ndi ng'ombe."

A Nambewe anakhala mlungu osawapatsa moni. Koma ng'ombe ija sanaifute, inakhala mpaka dzinja.

Chinthu chimodzi chinawazunza zaka zonse: mtundu wa buluu. Ankagula buluu wochapira zovala kwa mmwenye ku Linthipe, n'kusinja bwinobwino. Koma phula la njuchi ndi lachikasu, ndipo ukathiramo buluu limatuluka lobiriwira ngati nkhwani. Anayesa kuliyanika padzuwa kuti liyere, nkhuku n'kulijompha. Anayesa kuthira phulusa, n'kumangonyenyeka. Ana athu ankajambula thambo lobiriwira, ndi Amayi Maria atafunda nsalu yobiriwira. A Ngozo akaona ankatsonya n'kuyang'ana kumbali.

Tsono chaka china, dzuwa litakula mvula isanayambe, osaka mbewa anatentha tchire ndipo moto unakwera phiri. Ming'oma yonse inapsa. Phula limene anasunga linatha pa masiku a ana awiri. Wotsatira anali Marita, mwana wa a Naphiri, wa zaka zisanu ndi zitatu. Bambo ake anapita ku Halale n'kungoti zii. Mwanayo anadwala malungo aakulu ali wamng'ono ndipo miyendo inafota. Anzake akapita kusukulu iye ankatsala pamkeka. Tsiku lake linali lokhalo pachaka limene ana onse ankabwera chifukwa cha iye. Ankaliwerengera ndi timiyala.

A Ngozo anayenda mpaka ku Mayani kufunafuna phula, osalipeza. Anabwera madzulo phazi litatupa.

"Alamu, kamwana kaja katsala ndi timiyala titatu," anatero.

Ine ndinati tingamuwotchere mbatata basi, amvetsa.

"Inu mumamvetsa zonse, n'chifukwa chake mulibe kanthu," anandiyankha.

M'katchalitchi kathu munali chitini chimene ankaikamo phula lodontha ndi zotsalira za makandulo a paguwa. Makandulo amenewo ndi odalitsidwa. Chitini chikadzaza, aphunzitsi athu a mpingo, a Lukasi, ankachitumiza kwa ansembe kuti phulalo likabwerere paguwa. Silitayidwa kudzala, siligwiritsidwa ntchito ina. A Ngozo ankadziwa zimenezi kuposa tonse, pakuti ndiwo ankachisamala. Phula lonse analitenga.

Phula la makandulo ndi loyera. Atathiramo buluu uja, munatuluka chimene anachifuna zaka zonse. Anapanga nkhunda khumi ndi ziwiri, zonse za buluu weniweni, wonga thambo la mwezi wa June nkhungu ikachoka. Ndinaliko Marita akugawa, atakhala pamkeka lichero lili pamiyendo. Ana sanachite phokoso monga mwa masiku onse. Aliyense ankangotembenuza nkhunda yake m'manja.

Sipanathe masiku atatu. A Lukasi anaona mizere ya buluu pakhoma la khola la nkhumba la munthu wina, n'kuima. Iwo ankadziwa, monga mudzi wonse, kuti phula la a Ngozo silitulutsa buluu. Analowa m'tchalitchi n'kupeza chitini chili gwaa, chopanda kanthu.

Ndisawanamizire a Lukasi. Ndi munthu wowongoka, ndipo anayamba kuyankhula ndi a Ngozo paokha, ine ndekha ndili pomwepo.

"Madala, chinthu chodalitsidwa chili pakhola la nkhumba. Mukuti ndikanene chiyani?"

"Mukanene kuti Simoni anaba. Ndinabadi."

"Kuvomera kokha sikukwana. Mukatolere tinkhundato tonse, tibwere nato tiwotche moyenera."

"Ndikatolere kwa yani?"

"Kwa anawo."

"Aphunzitsi, inu munayamba mwafumbatula dzanja la mwana? Ine ayi. Ndikwapuleni pabwalo ngati mufuna, ndivula malaya ndekha. Koma kukagogoda kwa a Naphiri, sindipita."

Bambo wansembe ankabwera kwathu pa njinga yamoto kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu. Atabwera anamva nkhaniyo mofatsa, ndipo ndikukhulupirira kuti anaiona ngati yaing'ono. Anati kutengako Mulungu akhululuka, koma zotengedwazo zibwezedwe, pakuti zilipo ndipo si zolemera. Anadabwa nkhalamba itapukusa mutu. Anafunsa kawiri, n'kufunsanso ulendo wotsatira. Yankho linali lomwelo. Munthu wokana kubweza sangamasulidwe ku tchimo lake. Palibe anawathamangitsa m'tchalitchi, koma kuguwa sakanapita, ndipo tsache ndi chitsulo chija zinapatsidwa kwa wina.

Kuyambira pamenepo ankakhala pakhomo penipeni, pansi, pamene pamakhala ophunzira chikhristu. Nyimbo ankaimba mokweza ngati kale. Ife tikamanyamuka kupita kukalandira, iwo ankaweramitsa mutu n'kumayang'ana phazi lawo lopunduka. Khirisimasi inapita, Pasaka inapita, Khirisimasi ina inapita. Njuchi zinabwerera m'ming'oma yatsopano ndipo tinyama tinayambanso, tofiira ndi takuda ndi tobiriwira. Pamaso pa anthu ankachita nthabwala. Ankati pakhomo mpabwino, mphepo imawomba, ndipo ulaliki wa a Lukasi umafika utazizira kale.

Koma ine ndinkawaona m'mawa akupita kudimba, kolona ili m'manja, milomo ikuyenda. Dzinja lachiwiri linawagwetsa ndi chifuwa. Tsiku lina ndikuwathandiza kukhala padzuwa anandigwira mkono.

"Alamu, munthu akafa ali pakhomo, amamuika mbali iti?"

Ndinati asayankhule zotero.

"Ndafunsa mbali iti. Akazi anga ndi ana ali kumanda a akhristu. Mlongo wanga ali komweko."

"Ndiye mukatolere, alamu. Ndi tizidutswa chabe tsopano."

"Ndinakuuzani kuti muziyankhula, koma osati zimenezo," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Chimene ndinachita pambuyo pake ndimachisinkhasinkha mpaka lero. Ndinapita kwa a Naphiri. Sindinapemphe kanthu. Ndinangowauza mmene alamu analili ndi funso limene anandifunsa. Marita anali pamkeka wake pafupi, akusenda nyemba, ndipo ine ndinadziwa kuti akumva. Ndinganene kuti ndinayankhula ndi mayi, koma Mulungu akudziwa amene ndinkafuna kuti amve.

Lamulungu lotsatira, mkati mwa Lenti, wansembe analipo. A Ngozo anadzikoka n'kukhala pamalo awo pakhomo, atafunda bulangete. Misa isanayambe a Naphiri analowa atabereka Marita kumbuyo, ngakhale mwanayo anali wamkulu woti miyendo inkalendewera mpaka m'mawondo mwa mayi ake. Pambuyo pawo panali ana ena. Anadutsa pafupi ndi a Ngozo n'kupita kutsogolo. Mwana aliyense anaika chake m'phale limene a Lukasi anatenga msangamsanga. Zina zinali ngati nyemba, china ngati njere ya chimanga. Asanu anati zawo zinatha kalekale, ndipo mmodzi anavomera kuti anameza. Nkhunda ya Marita inali yathunthu. Mlomo wokha ndiwo unaperepeseka. Chaka chonse ndi miyezi anailembera pang'onopang'ono, ngati munthu wodya mchere wa njala.

A Ngozo anadzuka ndi ndodo.

"Wawatuma ndani? Marita, mwana wanga, wakutuma ndani?"

"Palibe, agogo."

"Tenga nkhunda yako. Ndinakupatsa ine."

"Munati mwini tsiku amagawa," anatero mwanayo, osawayang'ana.

"Lero si tsiku lako!"

"Ndiye ndachedwa nayo."

Wansembe anaika chingwe cha thonje m'phalemo n'kuyatsa. Phula linasungunuka n'kuyaka patsogolo pa guwa Misa yonse. Marita sanalire pamenepo. Amayi ake anandiuza kuti analira kunyumba, masiku awiri. A Ngozo analowa kukalapa tsiku lomwelo, pakuti panalibenso choti akane, ndipo pa Pasaka analandira. Ndinawagwira mkono popita kuguwa.

Koma sanandiyankhule mwezi wathunthu. Anadziwa. Ndikawapititsira phala ankalandira n'kuuza khoma kuti anthu ena ofatsa ndi oopsa kuposa olongolola. Ndinapirira, chifukwa sindinali wotsimikiza kuti akulakwa. Iwo analolera kutsala pakhomo kuti dzanja la mwana lisafumbatulidwe, ine ndinalifumbatula kuti iwo alowe. Ndaulula zimenezi kwa wansembe, ndipo anati palibe tchimo. Mwina palibedi. Koma nkhope ya mwana uja poika nkhunda m'phale ndimaionabe.

Anayambanso kundiyankhula kutatsala masiku ochepa. Anandituma kuti nditenge chikombole cha nkhunda ndikapereke kwa Marita, pamodzi ndi phula limene linatsala ndi kabuluu kokulunga m'kansalu.

"Mukamuuze kuti zizituluka zobiriwira, asadabwe. Ndipo asakabe kutchalitchi, kumeneko kuli a Lukasi."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anamwalira m'mawa, chimanga chitauma m'munda, atadzozedwa mafuta oyera. Amene anayenda wapansi kukaitana wansembe anali a Lukasi, ndipo ndiwonso anatsogolera nyimbo kumanda. Tinawaika pakati pa akazi awo ndi mlongo wawo.

Nyumba yawo sitinaigwetse. Udzu wa padenga tinasasula kukafolerera nkhokwe, ndipo mapaso ayamba kugwa okha. Pakhonde pamera chisoso. Mafuwa atatu aang'ono amene ankasanjikapo chitini akadali pamalo pake, akuda, ndipo pansi pozungulira mpolimba ngati mwala chifukwa cha phula limene linadontherapo zaka zonse. Mvula ikagwa madzi amangoima pamwamba. Mbuzi za a Nambewe zimagona pamenepo masana.

Dzulo ndinazungulira kuseri kwa nyumbayo, kumene sindinkapitako iwo ali moyo. Ndinapeza kuti khoma lonse la kumeneko, kuyambira m'chiuno mpaka pamene dzanja lawo linkafika, ladzaza timizere tatifupi. Ndi pamene ankayesera kanyama koyamba ka chitini chilichonse asanaitane ana. Mvula ya chaka chino yakokolola dothi la khomalo, koma pamene panadutsa phula sipanakokoloke, ndiye timizereto tatsala totumphuka, toti munthu ungatiwerenge ndi chala. Tofiira ndi tambiri, takuda tiliponso, tachikasu tafwifwa. Tobiriwira ndi tosawerengeka, tina todinikiza kwambiri ngati tolemba munthu wokwiya. Ndinayang'ana khoma lonse, mzere ndi mzere, mpaka maso anachita misozi ndi kuzizira. Wa buluu palibe ngakhale umodzi.